Ku ICU makina amalira, namwino ndiye amamva

Mayi anga akafunsidwa kumudzi kuti mwana wanu akugwira kuti ntchito, amangoti "ku America". Kutchula mzinda anasiya, chifukwa akamaloweza dzina la wina ine ndimakhala nditasamuka kale. Ndine namwino wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene ambiri amangoti ICU, ndipo ndilibe chipatala chimodzi. Kuno amatitcha travel nurse. Anamwino anzanga kwathu amva msanga ndikanena kuti ndi lokamu, kungoti iyi imatenga masabata 13, ukamaliza n'kunyamula chikwama kupita kwina.

Chipatala chikaperewedwa anamwino, kaya ena apita kukachira, ena asiya ntchito, kapena chisanu chadzaza mabedi ndi odwala chibayo, chimauza kampani yopezera zipatala anamwino. Kampaniyo ndiyo imandilemba ndi kundilipira. Pa sabata ndimagwira masiku 3, maola 12 tsiku lililonse. Kuti ufike apa uyenera kukhoza mayeso a NCLEX, kukhala ndi layisensi yovomerezeka m'dera lomwe ukupita, mapepala okulola kugwira ntchito, komanso chaka kapena ziwiri utagwirapo kale mu ICU. Palibe amakuphunzitsa ntchito kumeneko. Amakuonetsa malo tsiku limodzi kapena awiri, mawa lake wodwala ndi wako. N'chifukwa chake ndikangofika, ndisanadziwe ngakhale kosinthira zovala, ndimafunsa pomwe pamakhala makina ndi mankhwala odzutsira mtima ukaima.

Malipiro ndi abwinopo kuposa a namwino wokhazikika, sindingabise. Koma kontirakiti angathe kuidula nyumba utalipira kale. Pa chipatala china, mlendone ndinkapatsidwa odwala ovuta kwambiri usiku uliwonse eni malo akudziwa zimene akuchita, ndipo zinandiwawa. Maliro a kwathu ndimalira pa foni.

Chomwe chandikhalitsa pansi kulemba ndi mantha amene mawu oti ICU amabweretsa. Kwathu tikamva kuti uje amulowetsa ku ICU, ena amayamba kale kufunsa za bokosi. Ayi, abale. Chipinda chimenechi chinabadwa kuti anthu akhale ndi moyo. Mu 1952 poliyo atabuka ku Copenhagen, dokotala Bjørn Ibsen anaonetsa kuti wodwala amene walephera kupuma angathe kupumiridwa. Ophunzira udokotala ankasinthana usana ndi usiku kufinya timatumba ta mphira ndi manja, kukankhira mpweya m'mapapo a odwala, ndipo ambiri anapulumuka. Makina othandiza kupuma amene mumaona lero akugwira ntchito ya manja aja. Sachiritsa. Amangogwirizira munthu kuti mankhwala ndi thupi lake zipeze nthawi yolimbana ndi matenda.

Ntchito yanga yeniyeni ndi maso. Namwino wa ku ICU amasamala wodwala mmodzi kapena awiri. Ku California lamulo lenilenilo limaletsa kupitirira awiri. Usiku wina, cha m'ma 3 koloko, ndinali ndi bambo amene tizilombo tinalowa m'magazi. Manambala pa sikirini ankaoneka abwinobwino, belu silinalire. Koma m'thumba la mkodzo, lomwe timayeza ola lililonse, munali timadontho chabe kwa maola awiri otsatizana, ndipo nditagwira mawondo ake anali zii, khungu litayamba mawanga. Impso zinali zitayamba kudandaula. Ndinadzutsa dokotala, tinawonjezera madzi a m'dilipi ndi norepinephrine, mankhwala okweza kuthamanga kwa magazi amene timawapereka pang'onopang'ono ndi pampu. Pofika m'mawa mkodzo unali utayambanso kutsika. Bamboyo anatuluka mu ICU ine ndisanachoke pa chipatalacho.

Zina zimaoneka zazing'ono. Kuno kulibe gadiyani wogona pa mkeka pambali pa bedi, ndiye kusambitsa, kupukuta ndi kutembenuza wodwala maola awiri alionse kuti asachite zilonda, zonsezi ndi zathu. Timamutsuka m'kamwa ndi kukweza kumutu kwa bedi kuti chibayo chisalowe kudzera mu paipi yopumira. Ndipo timamuyankhula. Ngakhale tamugoneka ndi mankhwala, ndimamuuza dzina langa, tsiku, ndi chomwe ndikufuna kuchita ndisanamugwire, chifukwa ena akadzuka amakumbukira mawu amene anamva.

Si onse amachira. Ndatsekapo maso a anthu m'mizinda yomwe sindinali kudziwa ngakhale msika wake, ndipo sindinazolowere.

Tsono m'bale wanu akalowa ku ICU, kaya ku Blantyre, Lusaka kapena Houston, musaimirire patali ndi mantha. Sambani m'manja, mugwireni dzanja, mutchuleni dzina. Funsani namwino ntchito ya paipi iliyonse. Ndipo chonde tiuzeni mankhwala onse amene wodwalayo ankamwa asanabwere, ngakhale a zitsamba. Sitikufunsa kuti tikudzudzuleni; impso ndi chiwindi chake zikudalira yankho lanu.