Chimangirizo cha Chingerezi pa Mpikisano wa Ntchito: Zovuta za Wolemba wa ku Chiromo

1. Chiyambi

Wachinyamata wa ku Chiromo akamapikisana ndi anzake pofuna ntchito, chipata choyamba chimene ayenera kudutsapo ndi Chingerezi cholemba. Pa mayeso a MSCE, amene bungwe la MANEB lakhala likuyendetsa chikhazikitsidwire mu 1987, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Olemba anthu ntchito ena amaonjezapo mayeso awoawo, a kalata kapena lipoti, asanaitane munthu kudzamfunsa maso ndi maso. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti malikisi amene wolemba wotere amataya satayika mwangozi. Zolakwa zake zambiri zili ndi gwero lodziŵika, ndipo cholakwa chodziŵika gwero lake chingathe kuphunzitsidwa ndi kupeŵedwa.

2. Ziyankhulo za wolembayo

Chiromo ali m'boma la Nsanje, pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, pa malire ndi Mozambique. Anthu a m'chigwachi amayankhula makamaka Chisena ndi Chimang'anja. Msonkhano wa chipani cha MCP wa mu 1968 udasankha Chicheŵa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, ndipo kuyambira pamenepo mwana wa Chisena ankaphunzira m'Chicheŵa mpaka Sitandade 4, kenaka m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Chilengezo cha boma cha mu 1996 chidalola ziyankhulo za makolo m'makalasi oyamba, koma sichidakwaniritsidwe mokwanira. Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira.

Motero kwa ambiri Chingerezi n'chiyankhulo chachitatu. Koma Chisena ndi Chicheŵa n'zapachibale, ndipo Malcolm Guthrie adaziika m'gulu limodzi la N. Kamangidwe ka maina ndi aneni n'kofanana kwambiri m'ziyankhulo ziŵirizi, kotero kuti chizoloŵezi chimene mwana adachitenga pakhomo chimalimbikitsidwanso kusukulu. Pa chifukwa ichi zitsanzo zathu tazitenga m'Chicheŵa.

3. Zolakwa za m'chiganizo

Robert Lado mu 1957 adanena kuti kufananiza ziyankhulo kumasonyeza pamene wophunzira adzapunthwe. Pit Corder mu 1967 adaonetsa kuti zolakwa za wophunzira zili ndi dongosolo lake. Ngakhale si zolakwa zonse zimene zimachokera ku chiyankhulo choyamba, zisanu zotsatirazi gwero lake n'loonekeratu. Nyenyezi ikusonyeza chiganizo cholakwika.

Choyamba ndi mloŵam'malo. Mawu oti "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, pamene Chingerezi chimasiyanitsa:

(1) *My sister lost his way because he was new in town.

Chachiŵiri ndi mgwirizanitsi. M'chiganizo choti "Ana akuseŵera", mneni amayamba ndi a- woloza mwininkhani. Wolemba amaona ngati chiganizo cha Chingerezi chapereŵera popanda kanthu kotere. Ulemu nawonso umachulukitsa munthu mmodzi, monga mu "Amayi abwera":

(2) *The children they are playing.
(3) *My mother have come.

Chachitatu ndi nthaŵi ya mneni. Posimba nkhani timasonyeza nthaŵi pa mneni woyamba, otsatirawo n'kuŵalumikiza ndi n'ku-, monga mu "Adafika n'kukhala pansi". Chingerezi chimafuna kuti mneni aliyense asonyeze nthaŵi yake:

(4) *He arrived and sit down.

Chachinayi ndi maina. Chicheŵa chilibe timawu tofanana ndi "a" ndi "the", choncho wolemba amatisiya kapena kutiika pamalo posayenera. Ndiponso maina monga "malangizo" ndi "zipangizo" ali m'magulu ochulukitsa, n'chifukwa chake timaona *advices ndi *equipments.

Chachisanu ndi matanthauzo ndi kalembedwe ka mawu. Mneni woti "kubwereka" amagwira ntchito kwa wopereka ndi kwa wolandira yemwe, ndipo "kumva" kumakhudza khutu, mphuno ndi thupi. Apa ndi pamene pamachokera *Borrow me your pen ndi *I heard the smell. Popeza l ndi r sasiyanitsa tanthauzo m'Chicheŵa, "collect" ndi "correct" amasinthana papepala monga amasinthanirana pakamwa.

4. Kamangidwe ka nkhani yonse

Chiganizo chilichonse chingakhale cholondola koma chimangirizo n'kulandirabe malikisi ochepa. Robert Kaplan mu 1966 adanena kuti anthu a miyambo yosiyana amayala mfundo zawo mosiyana. Ganizo lakeli lidatsutsidwa m'mbali zina, koma likutithandiza pano. Mwa mwambo wathu, wofika kwa wamkulu amayamba ndi malonje, ndipo chimene wadzera chimatchulidwa pambuyo. Kalata ya ntchito ya Chingerezi imafuna mutu pamwamba ndi cholinga m'chiganizo choyamba.

Tiyerekeze kuti funso likufuna lipoti lopita kwa bwanamkubwa pa za kusefukira kwa madzi, monga kumene kudachitika mu Januwale 2015. Wa ku Chiromo kapena ku Makhanga akudziŵa nkhaniyi kuposa mnzake wa mumzinda. Komabe akayamba ndi moni, n'kusimba zonse mwa ndondomeko ya mmene zidachitikira, mawu ololedwa amatha asanafike pa zimene woŵerenga lipoti akufuna: malo, tsiku, zoonongeka ndi thandizo lofunika. Mnzake wodziŵa zochepa, koma woziyala m'ndime zinayi, amampambana.

5. Zoyenera kuchita

Kwa wolemba mayeso tikupereka mfundo zitatu. Asanalembe, azindikire mtundu wa cholembedwa chimene funso likufuna ndi munthu amene akumlembera, ndipo aike mfundo imodzi pa ndime iliyonse. Polemba, asankhe ziganizo zazifupi ndi mawu amene akuŵadziŵa bwino, chifukwa chimangirizo choloŵeza pamtima sichiyankha funso, ndipo mawu ozama oikidwa molakwika sabisa kanthu kwa wochonga. Atalemba, aŵerenge katatu: koyamba akuyang'ana aneni okha, kachiŵiri aloŵam'malo, kachitatu maina ndi timawu toŵatsogolera. Kufunafuna zolakwa zonse nthaŵi imodzi kaŵirikaŵiri sikupeza kanthu.

Kwa okonza ndondomeko ya ziyankhulo tinena ziŵiri. Mphunzitsi wa Chingerezi aphunzire kufananiza Chingerezi ndi ziyankhulo za ophunzira ake, kuti azitha kufotokoza gwero la cholakwa mmalo mongochilemba mzere wofiira. Chinanso, Jim Cummins mu 1979 adanena kuti luso la kuŵerenga ndi kulemba limene mwana walipeza m'chiyankhulo chimodzi limamthandiza m'chinzake. Ngati n'choncho, luso loyala ndime lingathe kuyambira m'chimangirizo cha Chicheŵa, kapenanso cha Chisena, ndipo maphunziro aŵa asaonedwe ngati akulanda nthaŵi ya Chingerezi.

6. Mawu otsiriza

Mayeso a chimangirizo amayesa zinthu ziŵiri pamodzi: luso loganiza mwadongosolo, ndi kutalika kwa mtunda umene wolemba wayenda kuchokera ku chiyankhulo cha kwawo. Wolemba anthu ntchito amafuna choyambacho, koma malikisi amaphatikiza zonse. Pamene mayeso otere ndiwo akugaŵa ntchito, udindo wa ife a sayansi ya ziyankhulo ndi kufupikitsa mtundawo pophunzitsa poyera malo amene Chingerezi chimasiyana ndi ziyankhulo zathu, kuti wa ku Chiromo apikisane ndi anzake pa nzeru zake.