Kompyuta yabera? Taonani kaye ma setting

Mng'ono wanga adaponya padi pampando chigoli chachinayi chitangolowa. Lidali Loweruka masana m'mwezi wa July, m'kachipinda kena kufupi ndi msika pa Dedza boma, momwe anyamata amalipira kuti amenye gemu ya mpira pa PlayStation. Panja chifunga chidali chitatsika kale m'phiri, aliyense ali m'jekete, koma iye thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, gemu iyi ikubera. Mwaona nokha," adatero.

Ndidaonadi. Mnzake amene adapangana naye sadabwere, ndiye adati alimbane ndi kompyuta. Kompyutayo imapatsirana mpira ngati ikudziwiratu komwe mnyamatayo alowere, goloboyi wake osaphonya kalikonse. Ndalama imene adapeza posenza matumba a kachewere m'mawa idathera pa zigoli zinayi kwa duu.

Titalowa m'ma setting tidapeza kuti gemuyo idali pa Legendary. Amene adasewera iye asadafike adaisiya pomwepo, ndipo mng'ono wangayo, amene amadina batani la X mothamanga kuti mpira uyambe msanga, sadaone.

Gemu imene tonse timaitchulabe FIFA, ngakhale kampani ya EA Sports idaisintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023, ili ndi makwerero a kulimba kwa kompyuta: Beginner, Amateur, Semi-Pro, Professional, World Class, Legendary, ndipo zatsopanozi zili ndi Ultimate pamwamba pake. Ukamakwera, kompyuta imafulumira kuona chimene ukufuna kuchita, imatseka mipata msanga, ndipo imachepetsa kulakwitsa ikamapatsira kapena kuponya kugolo. Izi ambiri timazidziwa. Vuto limabwera ukafika pomwe Professional ukuikwapula 5-0 uku ukuyankha mauthenga pa WhatsApp, koma ukangokwera pa World Class mpira sukuugwira n'komwe. Pakati pa makwerero awiriwa pali phompho, ndipo anyamata ambiri amagwera momwemo: ena amakhalira kuwina gemu yosakoma, ena amaluza mpaka kuida.

Mankhwala ake ali m'gemu momwemo, pa Game Settings, pamalo pomwe ambiri sitidafikepo. Pali timizere totchedwa ma slider, tokhala ndi manambala ofika 100, ndipo tambiri timakhala pa 50 gemu ikamabwera. Pali timizere ta iwe wosewera ndi tina ta kompyuta, tolembedwa CPU. Kamzere kalikonse kamayendetsa khalidwe limodzi lokha.

Akatswiri a timizereti ndi a ku America, pa gemu yawo ya Madden NFL. Uwu ndi mpira wina uja wovala zipewa zolimba, woti timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, ndipo kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ndi mapointi 6. Gemuyi idatuluka koyamba mu 1988 ndi dzina la John Madden, mphunzitsi wa mpirawo amene pambuyo pake adatchuka poulutsa masewero pa TV, ndipo adamwalira mu December 2021. Makwerero ake ndi anayi okha, Rookie, Pro, All-Pro ndi All-Madden, choncho phompho lija kumeneko n'lalikulu kuposa lathu. Chaka chilichonse gemu yatsopano ikatuluka, pali anthu amene amatha masabata akuyesa timizere: woponya mpira wa kompyuta azilunjika bwanji, olandira azigwetsa kangati, otchinga azidumphira mpira wa adani mowirikiza bwanji. Amasewera gemu zambirimbiri, kulemba zotsatira, n'kuziyerekeza ndi ziwerengero za ligi yeniyeni ya NFL. Cholinga chawo si kuwina. Amafuna kompyuta yosewera ngati anthu, yolakwitsa pomwe munthu angalakwitse.

Pa Dedza simupeza woimenya Madden, ndipo ine ndemwe ndidayesa kamodzi n'kuisiya kota yoyamba isadathe. Koma kachitidwe kawo n'koyenera kubera.

Choyamba amasankha khwerero limene likuwavuta pang'ono, osati limene akuwina mosavuta. Kenako amasintha kamzere kamodzi kokha, pang'ono, n'kusewera gemu zingapo asadakhudzenso china. Apa m'pomwe ife timalephera. Timalowa mokwiya titangoluza, kutsitsa liwiro la kompyuta, kuipha goloboyi, kuikweza zolakwitsa zonse nthawi imodzi, n'kupezeka tikusewera ndi timu ya zidakwa. Kuwina kumeneko sikukoma, ndipo sudziwa kuti chidathandiza n'chiti.

Tidachita chonchi ndi mng'ono wanga sabata yotsatira. Tidaika pa World Class. Dandaulo lake lalikulu lidali loti kompyuta sitaya mpira, ndiye tidapita pa Pass Error ya CPU. Chenjerani apa: kamzere kameneka kamayeza kulakwitsa, choncho kukakweza n'kufooketsa kompyuta, pamene Goalkeeper Ability kuikweza n'kulimbitsa goloboyi. Ambiri amasokoneza ziwirizi n'kudabwa kuti zinthu zafika poipa. Tidakweza Pass Error kuchoka pa 50 kufika pa 56. Gemu zitatu zidakwana kuti tione kusintha: mpira wa kompyuta udayamba kuperewera apo ndi apo, ndipo mnyamata adayamba kuulanda pakati pabwalo. Adaluzabe ziwiri, koma ndi chigoli chimodzi chimodzi.

Pali kamzere kena kotchedwa First Touch Control Error, koona mmene wosewera amaulandirira mpira. Kukakweza pang'ono mbali zonse ziwiri, yako ndi ya kompyuta, mpira umayamba kudumpha kumapazi monga umachitira pabwalo lafumbi la pasukulu, ndipo gemu imasiya kuoneka ngati ya maloboti. Ine ndimakakonda kameneka kuposa tonse.

Liwiro lokha, Sprint Speed ndi Acceleration, langizo langa n'loti mulisiye. Mukachepetsa liwiro la kompyuta yokha, mudzazolowera kudutsa otchinga pothamanga basi. Tsiku lomwe mudzakhale pansi ndi mnzanu weniweni, otchinga ake adzakupezani, ndipo ndalama yolipira gemuyo idzatuluka m'thumba mwanu. Amene adaphunzira bawo kwa agogo omulekerera kuti adye nkhomo amadziwika tsiku loyamba akafika pansi pa mtengo pamsika.

Musaiwalenso kutalika kwa nthawi. Gemu imabwera ndi mphindi 6 chigawo chilichonse, pomwe mpira weniweni ndi 45. Ma slider amene akukoma pa mphindi 6 akhoza kubala zigoli khumi mukaika pa mphindi 10. Ndipo poyesa musamangoyang'ana zigoli. Mpira ukatha tsegulani ziwerengero: mwaponya kugolo kangati, kompyuta kangati, mpira unakhala kwa ndani nthawi yaitali. Kuluza 1-0 mutaponya kakhumi kompyuta kawiri si vuto la ma setting ayi.

Nanga zoti gemu imabera dala, zimene anyamata amati scripting? Nkhaniyi si ya pa Dedza pokha. Mu November 2020 anthu atatu a ku California adasumira EA kukhoti, ponena kuti mu FIFA, Madden ndi NHL kampaniyo imasintha mobisa kulimba kwa gemu kuti osewera aziona ngati timu yawo njofooka, n'kumagula ma pack a osewera atsopano. EA ili nayodi patenti ya luso lotere, lotchedwa Dynamic Difficulty Adjustment, ndipo n'chimene chidakolezera moto. Mu March 2021 odandaulawo adauchotsa mlanduwo atapatsidwa mwayi wolankhula ndi mainjiniya a kampaniyo, ndipo EA idanenetsa kuti lusolo silidalowepo m'gemu zitatuzo.

Mukhoza kukhulupirira kapena ayi. Kampani yogulitsa ma pack siyenera kukhulupiriridwa ndi maso otsinzina. Koma ine ndaona kuti mtima umasunga zigoli zowawa zokha. Chimene kompyuta yatichinya m'mphindi yomaliza timachikamba sabata yonse, chimene ife taichinya nthawi yomweyo timati ndi luso. Kompyuta ikamaluza kumapeto imatumiza anthu ambiri kutsogolo, ife n'kuyamba kunjenjemera ndi padi, kuchotsa otchinga m'malo mwawo. Mpira weniweni umateronso. Pa 25 January 2022 ku Yaoundé, Gabadinho Mhango adaponya chigoli chakutali chija m'mphindi zoyambirira, dziko lonse lili m'mwamba. Morocco idabweza m'nthawi yoonjezera ya chigawo choyamba, nthawi yeniyeni imene pa PlayStation tikadakuwa kuti yabera, kenako Achraf Hakimi adamaliza nkhani ndi firikiki, 2-1. Padalibe kompyuta pamenepo.

Kwa inu osewera pafoni, amene ndinu ambiri, timizereti mulibe. Mu eFootball ya Konami mumangosankha khwerero mukamasewera ndi kompyuta, monga Regular, Professional, Top Player kapena Superstar. Mu Dream League Soccer matimu amalimba mukamakwera madivishoni. Ndipo paliponse, pafoni kapena pa PlayStation, mukalowa pa intaneti kukakumana ndi munthu, ma slider sagwira ntchito. Wosewera wanu akamachedwa kutembenuka muli ku Mayani kapena ku Lobi, yang'anani kaye netiweki musadagule pack ndi ndalama ya bandulo ya mwezi wonse.

Eni tizipinda ta gemu nawo achitepo kanthu. Kubwezera ma setting pamalo pake kasitomala akachoka sikutenga mphindi imodzi, ndipo mwana wolipira ndalama yake yovutikira sayenera kugwera pa Legendary ya munthu wina. Ife tidapempha mwini malo aja kuti tizisintha tikafika n'kubwezera tikamachoka. Adavomera, bola tisamatenge nthawi pali mzere.

Loweruka lapitali mng'ono wanga adafanana mphamvu ndi kompyuta 2-2, kenako adaichinya 1-0 ndi chigoli cha pakona. Adandiyang'ana akuseka n'kunena kuti ndibwezere Pass Error ija pa 53. Gemu yachitatu idali pa 1-1 m'chigawo chachiwiri pamene magetsi adazima.