Tikamati "chidzete", mwana amachedwa kufika kuchipatala

M'Malawi muno munthu akakuuza kuti "iwe ukufunika ku Zomba", sakukufunira mphepo yabwino ya ku Ku Chawe kapena malo pa yunivesite ya ku Chirunga. Akunena za ku Mental. Mawuwa amamveka m'minibasi, pabwalo la mpira, ngakhale m'kalasi mphunzitsi akatopa ndi mwana amene masamu sakumulowa. Anthu amaseka. Koma alipo mabanja amene saseka nawo, chifukwa kunyumba kwawo kuli mwana amene mudzi wonse unamupatsa kale dzina: chitsiru, chidzete, wozerezeka, wopepera, "uja mutu wake sukoka".

Kupweteka kwa mayinawa aliyense akukudziwa. Chimene ambiri sitiona n'chakuti amaunjika m'dengu limodzi zinthu zosiyana kwambiri. Matenda a maganizo, amene timangoti misala, kawirikawiri amagwira munthu amene anali bwinobwino, ali wachinyamata kapena wamkulu, ndipo mankhwala ake alipo. Khunyu ndi vuto lina, nalonso lili ndi mankhwala. Ulumali wa mu ubongo, umene umachititsa mwana kuchedwa kuphunzira ndi kudzisamalira, ndi nkhani ina. Autism ndi inanso. Zonsezi zikapatsidwa dzina limodzi, banja limasochera. Limapita kwa sing'anga, limapita kumapemphero a usiku, kenako limatopa n'kumutsekera mwanayo m'nyumba, pamene kofunika kunali kusikelo ndi kusukulu.

Kusokoneza kumeneku kuli ndi mbiri yake mu mzinda wa Zomba womwe uno. Mu 1910 boma la atsamunda linatsegula malo osungira odwala misala ngati mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo owayang'anira anali ogwira ntchito kundende. Chipatala cha Zomba Mental chinadzatsegulidwa mu 1953. Malamulo nawo ankalankhula ngati anthu a pamsika. Kwa zaka zambiri gawo 139 la Penal Code, lomwe cholinga chake chinali kuteteza amayi ndi atsikana a ulumali wa mu ubongo kwa owagwiririra, linkawatchula kuti "idiots" ndi "imbeciles". Woweruza, wapolisi ndi loya ankayenera kumutukwana kaye mtsikanayo asanamuteteze. Pamwamba pa phiri la Zomba, operekeza alendo ku Chingwe's Hole amakamba nthano yakuti kale m'dzenjemo ankaponyamo akhate ndi ena amene mudzi sunkawafuna. Alendo amagwedeza mitu, kudabwa nkhanza za makolo, koma kutsetserekera ku Chikanda kapena ku Chinamwali sizovuta kumva za mwana amene amasiyidwa atakhomeredwa chitseko tsiku lonse amayi ake akapita kukagulitsa tomato.

Autism ndi kakulidwe kena ka ubongo, ndipo mwana amabadwa nako. Zizindikiro zimayamba kuoneka asanakwanitse zaka 3, kawirikawiri cha m'ma chaka ndi theka mpaka zaka 2. Amayi amamuitana dzina koma satembenuka, mpaka kumuyesa wosamva, chonsecho pepala la bisiketi likangoti khwaa kuseri kwa chitseko, wafika kale. Ndege ikamadutsa saloza kuti amayi aone nawo. Akafuna madzi amangogwira dzanja la munthu n'kukaliika pandowa, osamuyang'ana mwini dzanjalo. Anzake akamathamangitsa galimoto yamawaya, iye amaigadabuza n'kumazunguza tayala limodzi lomwelo mpaka nsima kupsa. Amandandalika zitsekerero za mabotolo pamzere, ndipo wina akasuntha chimodzi, kulira kwake kumamveka kwa aneba. Ukamufunsa kuti "Wadzuka bwanji?" amakubwezera funso lomwelo, m'mawu ako omwe.

Zina mwa zizindikirozi chikhalidwe chathu chimazibisa mosadziwa. Mabuku a madokotala amati mwana wa autism sayang'ana anthu m'maso. Kwathu kuno mwana wosayang'ana akulu m'maso timati ndi waulemu. Akachedwa kulankhula, agogo amatonthoza amayi kuti ana aamuna ndi mmene amachitira, atate ake nawonso anachedwa. Zaka zimene mwana akanathandizidwa mosavuta zimatha motero, ndipo akadzafika zaka 6 asakulankhula, omwe ankatonthoza aja ndiwo amayamba kunong'ona.

Pitani naye mwana wotereyu ku depoti ya Zomba masana. Oitanira minibasi za ku Liwonde ndi ku Limbe akukuwa, mahutala akulira, wina akuyesa sipika, kutsidya akuwotcherera zitsulo. Mwanayo amatseka makutu ndi manja, kenako amadzigwetsa pansi n'kumadzimenyetsa mutu. Malangizo sachedwa kubwera kuchokera kwa ogulitsa nthochi: "Mayi, mukumulekerera mwanayu. Mbama imodzi yokha asiya zimenezi." Sikuti ndi mwano. Ana ambiri a autism amamva phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa mopitirira, moti phokoso limene ife taliiwala kale iwo limawapweteka ndithu. Mbama imangowonjezera ululu pa ululu. Chimene chimathandiza ndi kumuchotsa paphokosopo n'kumudikira.

Mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism, ndipo imapezeka kwambiri mwa anyamata kuposa atsikana. Siionekera m'magazi kapena pa x-ray. Dokotala amaizindikira poona zochita za mwana ndi pofunsa makolo. Palibe mankhwala kapena zitsamba zoichiza, ndipo wolonjeza zimenezo akungofuna mbuzi yanu. Ana a autism sali ofanana. Ena salankhula moyo wawo wonse ndipo amafunika owasamalira nthawi zonse, ena amalankhula, amakhoza mayeso, amakafika ndi ku Chirunga komwe, kungoti anzawo amawati ndi osachezeka.

Chiyambi chachikulu cha autism ndi chibadwa chochokera kwa makolo onse awiri. Si katemera. Kafukufuku wa mu 1998 wa Andrew Wakefield, amene anaopseza makolo za katemera wa chikuku, anapezeka kuti anali wachinyengo, ndipo magazini ya The Lancet inamuchotsa mu 2010. Kuloza chala amayi nako sikunayambe ndi ife. Leo Kanner atalemba za ana 11 ku Baltimore mu 1943, kwa zaka zambiri akatswiri a ku America ankati vuto ndi amayi ouma mtima amene sakonda ana awo. Analakwa. Kwathu mlandu umagwabe pa mayi yemweyo: anachita chigololo ali woyembekezera, anamusempha mwana, kwawo kuli zimenezi. Bambo akakhala ndi kagolosale kapena chigayo, mlandu umasamukira kwa iye, akuti anamukhwimira mwana kuti alemere. Maukwati amatha pa nkhani zimenezi, ndipo amene amatsala ndi mwana ndi mayi.

Ulumali wa mu ubongo uli ndi njira zambiri zobwerera, ndipo zingapo n'zopeweka. Mwana akabanika pobadwa chifukwa amayi anachedwa kuthandizidwa, ubongo umasowa mpweya. Chikasu chachikulu m'masiku oyamba, matenda oumitsa khosi, kunyentchera, kusowa kwa ayodini m'zakudya za mayi woyembekezera, mowa pa nthawi ya pakati, zonsezi zimatha kuwononga ubongo umene ukukula. Ana ena amabadwa ndi Down syndrome, imene imabwera chifukwa cha chromosome 21 yowonjezera, popanda cholakwa cha munthu aliyense. Ndiye pali malungo. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene Gretchen Birbeck ndi anzake anasindikiza mu 2010, anatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anadzapezeka ndi khunyu, ulumali watsopano kapena kusintha kwa khalidwe. Choncho mnyamata amene lero ana akumuthamangitsa pa Songani akumuimbira za uchitsiru, mwina ndi yemwe anakomoka ndi malungo ali ndi zaka 3, amayi ake n'kumubereka usiku mpaka kuchipatala. Tinasangalala kuti wapulumuka. Kenako tinamupatsa dzina.

Anthu amenewa si ochepa. Kalembera wa 2018, wochitidwa ndi National Statistical Office yomwe likulu lake lili ku Zomba konkuno, anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, kutanthauza anthu oposa 1.5 miliyoni. Mwa amenewa, pafupifupi 16 pa 100 alionse vuto lawo ndi la kuphunzira ndi kumvetsa zinthu.

Mvetserani mmene timalankhulira za iwo pamaliro kapena pachitsime. Sitinena kuti wabwera, timati "chabwera chija". Munthu akasanduka chinthu, zotsatira zake zimabwera zokha. Amatungitsidwa madzi tsiku lonse malipiro ake n'kukhala mkute. Amamwetsedwa kachasu kuti avine anthu aseke. Mtsikana akagwiriridwa n'kutchula amene wamuchita chipongwe, akuluakulu amafunsana kuti ndani angamvere za chitsiru, ndipo wogwiririrayo anadziwa kale kuti zidzatero, n'chifukwa chake anasankha iyeyo. Kusukulu nako, mphunzitsi wa ana 100 m'kalasi imodzi akamva kuti uyu ndi chidzete, amamukhazika kumbuyo ndipo samufunsanso funso.

Pa mapepala tasuntha. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Lamulo la Disability Act linabwera mu 2012, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi Persons with Disabilities Act, lomwe linasinthanso bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Pa 2 April chaka chilichonse pamakhala tsiku lokumbukira autism, anthu amavala matisheti, amaguba. Ine sindinyoza zimenezi, koma mawu okoma a pamsonkhano alibe phindu kwa mayi wa ku Jali ngati mphunzitsi wamkulu angamuuze mwaulemu wonse kuti mwana wanu wapaderayu malo ake kuno kulibe. Aphunzitsi odziwa kuthandiza ana otere amaphunzitsidwa ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, koma ndi ochepa poyerekeza ndi sukulu zimene zikuwafuna. Ku Mzuzu a St John of God akhala akuthandiza ana a ulumali wa mu ubongo kwa zaka zambiri, ndipo makolo ali ndi bungwe lawo la PODCAM, komwe mayi amakumana ndi anzake amene sadabwa akamva kuti mwana wa zaka 8 amadya nsima yokha popanda ndiwo.

Chida choyezera kakulidwe ka mwana nachonso tili nacho chathu. Malawi Developmental Assessment Tool, chimene Melissa Gladstone ndi anzake anasindikiza mu 2010 atayeza ana a m'midzi yathu, chimaona mayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, kalankhulidwe ndi kakhalidwe ka mwana pakati pa anzake. Koma pa sikelo ya mwezi ndi mwezi chimene chimalembedwa m'buku kawirikawiri ndi kulemera ndi katemera basi, ndipo mwana wa autism amatha kukhala wonenepa bwino, mzere wake ukukwera mokondweretsa. Ndiye kholo liyenera kuyamba lokha nkhaniyo kwa alangizi a zaumoyo kapena anamwino: wakwanitsa chaka ndi theka koma saloza, satembenuka akaitanidwa, mawu amene ankanena wawasiya. Lipemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu kukaonana ndi madokotala a ana ndi a mafizo. Kumeneko chimodzi mwa zoyamba kuyeza ndi makutu, chifukwa ana ena amene akhala zaka akutchedwa zitsiru amapezeka kuti vuto lawo ndi kusamva kokha.