Sola yapadenga ikabweza magetsi ku msewu: ngozi imene ambiri sakuidziwa

TETE — Woyenda m'misewu ya mzinda wa Tete, ku Moatize kapena ku Ulónguè masiku ano akuona magalasi a sola akuchuluka pa madenga a nyumba, masitolo ndi malo ogona alendo. Dzuwa m'chigawo chathu ndi losasowa, ndipo mitengo ya zipangizozi yatsika kwambiri m'zaka zapitazi. Koma sola ikangolumikizidwa ku nthambo za EDM, pamabuka ngozi ziwiri zimene eni nyumba ambiri sauzidwa: magetsi obwerera ku msewu, ndi magetsi opyola mlingo umene waya angathe kunyamula.

Kuyambira kale magetsi akhala akuyenda njira imodzi. Amachokera ku malo akuluakulu monga Cahora Bassa, komwe makina amatha kupanga ma megawatt 2,075, n'kutsika ndi nthambo mpaka m'nyumba mwathu. Ngakhale malo aakulu a sola monga a ku Mocuba, a ma megawatt 40, omwe anatsegulidwa mu 2019, amathira magetsi awo m'njira yomweyo moyang'aniridwa ndi akatswiri. Choncho mafiyuzi ndi maswitchi oteteza a m'nyumba zathu anaikidwa poganiza kuti magetsi amalowa khomo limodzi basi. Sola yapadenga yatsegula khomo lachiwiri.

Tisasokoneze zinthu. Kasola kakang'ono ka batire imodzi, koyatsira nyale ndi kutchaja foni kumudzi, sitikunena za iko. Tikunena za sola imene ili ndi inveta, makina osandutsa magetsi a dzuwa kukhala ofanana ndi a EDM, ndipo yalumikizidwa ku mawaya omwewo amene amachokera pa mzati wa mumsewu.

MOYO WA MUNTHU ALI PA MZATI

Nthambo ikaduka ndi mphepo, antchito a magetsi amayamba azimitsa mbali yonseyo asanakwere kukakonza. Kuchokera kumbali yawo, waya ndi wozima. Koma ngati m'nyumba imodzi inveta ikupitiriza kugwira ntchito ili yolumikizidwa, magetsi ake amatuluka kudzera pa mita n'kulowa mu waya yemweyo.

Choopsa kwambiri n'chakuti thiransifoma imagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Imene imatsitsa ma volt masauzande kuti afike pa 220 a m'nyumba, ikalandira magetsi kuchokera kunyumba imawakweza kubwerera pa masauzande. Kainveta ka pa khoma la kukhitchini kangathe motero kupha munthu amene ali kutali, mwini nyumba osadziwa kanthu. N'zoona kuti antchito amayenera kuyeza waya ndi kuulumikiza ku nthaka asanaugwire, koma mwana kapena mlimi amene wapeza waya uli lende panjira alibe choyezera.

Chifukwa chake inveta yovomerezeka imapangidwa kuti izizima yokha magetsi a mumsewu akathima. Malamulo a mayiko onse a zipangizozi amati izime pasanathe masekondi 2, ndipo njira yoyesera zimenezi imadziwika ndi nambala IEC 62116. Nambalayi muifunefune pa mapepala a inveta musanapereke ndalama.

Ena amadandaula kuti anagula sola, koma magetsi a EDM akathima nayonso imathima dzuwa lili phwee. Kumeneko si kuwonongeka ayi, ndiye chitetezo chakecho. Wofuna kuwala pa nthawi yotere ayenera kugula inveta ya mabatire imene imayamba yalekanitsa nyumba ndi msewu isanapereke magetsi.

Mchitidwe woipitsitsa ndi uja wolumikiza inveta wamba, kapena jenereta, ku soketi ya pakhoma ndi waya wa mapulagi awiri, n'kumadalira kuti wina akumbukira kuzimitsa switchi yaikulu. Tsiku lina adzaiwala. Komanso magetsi a EDM akabwerera mwadzidzidzi amawombana ndi a inveta, ndipo makinawo amapsa. Njira yoyenera ndi switchi yosinthira ya mbali ziwiri, imene singalole magetsi a mumsewu ndi a m'nyumba kukumana.

BOKOSI LODYETSEDWA MBALI ZIWIRI

Ngozi yachiwiri ili m'nyumba mwenimweni. Ntchito ya fiyuzi, kapena switchi yodzizimitsa yokha ija amisiri amaitcha disjuntor, ndi kuteteza waya kuti asatenthe. Magetsi akapyola mlingo wolembedwa pa iyo, imadula.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Bokosi la maswitchi, quadro, linapangidwa kuti lizinyamula ma ampere 63, ndipo disjuntor yaikulu ndi ya 63. Mpaka pamenepo zonse zili bwino. Tsopano mwalumikiza inveta yopereka ma ampere 20. Zipangizo za m'nyumba zingathe kukoka 63 kuchokera ku EDM ndi 20 kuchokera ku sola, zonse pamodzi 83, popanda switchi iliyonse kudula, pakuti iliyonse ikuona gawo lake lokha. Chimene chikutentha ndi chitsulo cha m'bokosi chimene maswitchi onse amadyerapo.

Pofuna kupewa zimenezi, inveta iyenera kukhala ndi waya wakewake ndi disjuntor yakeyake, popanda masoketi kapena nyale pa mzere umenewo. Amisiri odziwa amaika disjuntor imeneyi kumapeto a bokosi, kutali ndi yaikulu, kuti magetsi a mbali ziwirizo asaunjikane malo amodzi. Ku America lamulo la zomanga magetsi linafika poika malire: pa kalumikizidwe kotere, mbali ziwirizo pamodzi zisapyole 120 peresenti ya mlingo wa chitsulocho. Bokosi lakale likachepa, lisinthidwe.

PADENGA MAGETSI AKE NDI ENA

Magetsi a mumsewu amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi, ndipo potero amafika pa ziro maulendo 100 pa sekondi iliyonse. Kamoto kamene kamathetheka switchi ikamadula kamazima pa mpata umenewo. Magetsi ochokera pa magalasi a sola, amene amatchedwa DC, amayenda mbali imodzi osapumira. Kamoto kawo kakayaka sikazima msanga, ndipo disjuntor wamba ya m'nyumba ikaikidwa pamenepo ingathe kusungunuka n'kuyatsa denga. Pafunika switchi yolembedwa DC, ya mlingo wa ma volt okwanira, pakuti magalasi olumikizidwa mumzere amafika ma volt 600, ena mpaka 1,000. Kumbukiraninso kuti dzuwa likawala mawaya amenewa amakhala ndi moto ngakhale inveta mwaizimitsa.

Padenga napo magetsi amabwerera m'mbuyo. Tiyerekeze mizere 4 ya magalasi yolumikizidwa pamodzi, uliwonse ukupereka ma ampere 10. Mzere umodzi ukawonongeka, mwina waya wadyedwa ndi makoswe kapena wakhulika pa lata, mizere 3 yotsalayo imakankhira ma ampere ofika 30 mu wowonongekawo. Kumbuyo kwa galasi lililonse kuli pepala lonena fiyuzi yaikulu imene galasilo lingalole, kawirikawiri ma ampere 15, 20 kapena 25. N'chifukwa chake mizere ikafika 3 kapena kuposa, uliwonse umafuna fiyuzi yakeyake ya mtundu wolembedwa gPV.

Batire nayo ndi yaukali kuposa magalasi. Mawaya ake akagundana imatulutsa ma ampere mazanamazana nthawi yomweyo, choncho fiyuzi yake ikhale pafupi penipeni ndi batireyo.

MUSANALIPIRE MMISIRI

Dziko lathu lili ndi bungwe loyang'anira za mphamvu, ARENE, lomwe linakhazikitsidwa mu 2017, komanso lamulo latsopano la magetsi la mu 2022. Nthambo za mumsewu ndi za tonse, ndipo wofuna kulumikizako sola ayambe wafika ku ofesi ya EDM kuti auzidwe zofunika. Funsaninso za mita yanu: mamita ena olipiriratu sasiyanitsa magetsi olowa ndi otuluka, moti amadya mayunitsi anu pa magetsi amene mwapereka nokha. Ma inveta ambiri angathe kutcheredwa kuti asatulutse kalikonse ku msewu.

Ntchito ikatha, mmisiri asachoke asanakuonetseni zinthu izi. Masana dzuwa lili pamutu, adule magetsi a mumsewu inu mukuona, ndipo atsimikize ndi choyezera kuti ku waya wopita ku mita sikukutuluka kanthu. Akuonetseni disjuntor ya inveta, switchi ya DC ndi mafiyuzi onse, ndi mmene mungazimitsire pakabuka moto. Amate chikwangwani pa quadro ndi pa mita chonena kuti nyumbayi ili ndi magwero awiri a magetsi, kuti mmisiri wina wobwera mawa achenjere.

Zipangizo zotetezazi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi magalasi, inveta ndi mabatire, komabe ndi zimene ogula amathamangira kuchotsa pokambirana mtengo. Abale, nenererani pa zina, koma pamenepa ayi. Denga limene lingapse ndi lanu, ndipo amene akukwera mzati uja ali ndi ana akumudikira kunyumba.