Aneni a Chicheŵa ndi Lamulo la Kusungika kwa Masi: Zitsanzo za ku Chikwawa

1. Mau Oyamba

Kaŵirikaŵiri anthu akamakamba za kukonza mau a sayansi m'Chicheŵa amaganiza za maina okha. Amandandalika maina a Chingerezi kumanzere kwa tsamba, nafuna dzina la Chicheŵa loti liime kumanja kwa lililonse, ndipo mndandanda ukadzaza amati ntchito yatha. M'pepala lino tikufuna kusonyeza kuti pa phunziro limodzi lofunika la khemisitiri, lamulo la kusungika kwa masi, vuto lalikulu lili pa aneni amene timafotokozera kupsa, kuŵira ndi kuchita dzimbiri.

Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, inalimbikira kwambiri malamulo a kalembedwe. Bungwe la Centre for Language Studies, limene linaloŵa m'malo mwake mu 1996, linatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, motero mau a sayansi m'Chicheŵa alibe mwini woakonza. Ngakhale zili choncho, mphunzitsi wa ku Ngabu kapena ku Nchalo akaona kuti ana sakumva amabwerera ku chilankhulo cha kwao, ndipo chiganizo chimene amanena pa mphindi imeneyo ndicho chimakhazikika m'mutu mwa mwana. Chiganizo chimenecho ndicho tikufuna kuchiunika.

2. Lamulolo ndi Mbiri Yake

Lamuloli likhoza kunenedwa motere: zinthu zikasanduka zinthu zina zatsopano, masi a zonse zimene zinalipo poyamba amafanana ndi masi a zonse zimene zapezeka pomaliza. Chifukwa chake nchakuti maatomu sapangika ndiponso saonongeka pa kusandukako. Amangomasukana ndi kulumikizananso mwa njira ina. Koma sikelo imachitira umboni lamuloli pokhapokha ngati palibe chimene chaloŵa kapena kutuluka pamene tikuyeserapo. Malo otere ndiwo tikuwatcha otsekeratu: kutentha kukhoza kuloŵamo ndi kutulukamo, koma mpweya, nthunzi ndi fumbi ai. Malo osatseka ndi amene zinthu zimaloŵa ndi kutuluka, ndipo sikelo ya pamalo otere imatsika kapena kukwera ngakhale lamulo silinasinthe.

Kusiyana kumeneku kunasokoneza akatswiri kwa zaka pafupifupi zana limodzi. Mu 1673 Robert Boyle anaotcha zitsulo m'mabotolo agalasi, napeza kuti zalemera kuposa kale, ndipo anaganiza kuti tizidutswa ta moto taloŵa m'zitsulozo kupyola m'galasi. Iye anayeza atatsekula kale botolo. Mikhail Lomonosov mu 1756, ndi Antoine Lavoisier mu 1774, anayeza botolo lonse lisanatsekulidwe, napeza kuti silinalemere kapena kupepuka. Lavoisier atatsekula lake, mpweya wakunja unaloŵa, ndipo pamenepo mpamene sikelo inakwera. Chimene chinalemeretsa chitsulo chinali gawo la mpweya limene linalumikizana nacho.

Pali mfundo ziŵiri za m'mbiri imeneyi zimene zikutikhudza ife a zilankhulo. Yoyamba njakuti Lavoisier anaona kuti sayansi yatsopanoyo siingaphunzitsidwe ndi mau akale, ndipo mu 1787, pamodzi ndi Guyton de Morveau, Berthollet ndi Fourcroy, anasindikiza buku la Méthode de nomenclature chimique lokonzanso maina a zinthu m'Chifalansa. Yachiŵiri njakuti m'buku lake la 1789, Traité élémentaire de chimie, lamuloli analinena momveka m'mutu wonena za shuga wosanduka moŵa. Chitsanzo chakecho anthu a ku Chikwawa amachidziŵa bwino.

3. Zitsanzo za m'Chigwa cha Shire

Fakitale ya shuga ya ku Nchalo inayamba kugaya nzimbe mu 1966, ndipo kuyambira mu 2004 kampani ya PressCane yakhala ikupanga etanolo m'boma lomwelo kuchokera ku molasesi, madzi akuda otsala popanga shuga. Ulendo wa nzimbe kuchokera m'munda kufikira m'thanki uli ndi zitsanzo zitatu za malo osatseka.

Choyamba ndi kukula kwa nzimbe. Mwana akafunsidwa kumene kwachokera thupi la nzimbe amayankha kuti m'nthaka. Koma tikachotsa madzi a mu nzimbeyo, gawo lalikulu la chotsalacho lachokera mu mpweya. Mothandizidwa ndi dzuŵa, masamba amatenga magalamu 264 a kaboni dayokisaidi ndi magalamu 108 a madzi, napanga magalamu 180 a gulukosi ndi kutulutsa magalamu 192 a okosijeni. Mbali zonse ziŵiri zikukwana magalamu 372.

Chachiŵiri ndi moto. Asanadule nzimbe amaotcha munda kuti masamba apse, ndipo woona amangoona phulusa lochepa ndi timwaye touluka. Pa mbaula ya makala zimachitikanso chimodzimodzi: magalamu 12 a kaboni akapsa bwino amalumikizana ndi magalamu 32 a okosijeni, nasanduka magalamu 44 a kaboni dayokisaidi. Tsono chimene chimachoka pa mbaula nkupita mumlengalenga ncholemera kuposa makala amene tinaikapo, ngakhale maso sachiona.

Chachitatu ndi kuŵira. Yisiti akagwira ntchito pa magalamu 180 a gulukosi amapanga magalamu pafupifupi 92 a etanolo ndi 88 a kaboni dayokisaidi. M'mbiya ya moŵa yosavundikira, mpweyawo umatuluka ngati thovu, ndipo mbiyayo imapepuka. Tikanagwira mpweya wonsewo nkuuika pa sikelo pamodzi ndi mbiya, sikeloyo ikanakhala pamene inali.

4. Aneni Otha ndi Aneni Osandutsa

Tiyeni tsopano tione momwe zochitika zoterezi zimanenedwera masiku onse.

(1) Nkhuni zatha.
(2) Masamba anyeka.
(3) Mphamvu ya moŵa yauluka.
(4) Dzimbiri ladya khasu.
(5) Nkhuni zasanduka phulusa.

Aneni a m'ziganizo (1), (2) ndi (3) ali ndi khalidwe limodzi: amafuna mwininkhani yekha, ndipo chiganizo chimathera pa mneni popanda malo otchulapo chimene chatsatira. Womvera safunsa kuti nkhunizo zatha nkukhala chiyani, pakuti mneni -tha wamuuza kale kuti nkhani yatha. M'Chisena, chimene ana ambiri a ku Nsanje ndi ku Chikwawa amalankhula kunyumba, mneni -mala amagwira ntchito yomweyi. Chiganizo (4) chili ndi pamtherankhani, koma mneni -dya amapereka chithunzi cha chinthu chimene chikuchepa. Zoona zake nzakuti chitsulo chikamachita dzimbiri chimalumikizana ndi okosijeni ndi madzi, ndipo khasu pamodzi ndi dzimbiri lake lonse nzolemera kuposa khasu latsopano. Limaoneka lodyeka chifukwa dzimbirilo limayoyoka nkugwera pansi, kunja kwa zimene tikuyeza.

Chiganizo (5) nchosiyana ndi zinzake. Mneni -sanduka sakwanira payekha. Munthu akati "nkhuni zasanduka" nkuleka, womvera amafunsa msanga kuti zasanduka chiyani. Motero malamulo a chilankhulo enieniwo amakakamiza wolankhula kutchula chimene chapezeka pomaliza, ndipo ili ndilo funso limene khemisitiri imafuna kuti mwana azifunsa. Komabe chiganizo (5) nchopereŵera mbali zonse ziŵiri, pakuti chatchula zooneka zokha. Chiganizo chokwanira ndi ichi:

(6) Nkhuni ndi okosijeni zasanduka phulusa, utsi, nthunzi ndi kaboni dayokisaidi.

Sitikunena kuti Chicheŵa chimasokeretsa eni ake, kapena kuti wonena chiganizo (1) walakwa. Mai amene akuti nkhuni zatha akunena zoona, pakuti zophikira palibenso. Aneni a masiku onse m'zilankhulo zambiri, Chingerezi chomwe, amaima pamalo osatseka, chifukwa ndipo pamene anthu amakhala, ndipo zimene zapita mumlengalenga saziŵerengera. Mfundo yathu njakuti Chicheŵa chili kale ndi mneni woyenera phunziroli, ndipo chosoŵa ndi kumsankha mwadala.

Ena angatsutse kuti -sanduka ali ndi fungo la nthano ndi ufiti, monga ponena za munthu wosanduka fisi. Koma mneni yemweyu timamgwiritsa ntchito pa mbozi yosanduka gulugufe ndi mbululu yosanduka chule popanda wina kuganiza za matsenga. Mneni -sintha sangathe kuloŵa m'malo mwake, chifukwa amatha kuima yekha, ndiponso amanena ngakhale za kusintha kwa mtundu kapena kwa malo.

Mneni -ŵira nayenso ayenera kusamalidwa. Timati madzi akuŵira pamoto, ndiponso timati moŵa ukuŵira m'mbiya, chifukwa monsemo timaona thovu. Liu la Azungu lonena za kuŵira kwa moŵa nalonso linachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kuŵira kwa pamoto. Komatu madzi oŵira akadali madzi, angosanduka nthunzi, pamene shuga wa m'mbiya wasanduka zinthu zina ziŵiri zatsopano. M'buku la sukulu kuŵira kwa pamoto ndi kuŵira kwa yisiti kuyenera kulembedwa ndi mau ake onse nthaŵi iliyonse.

5. Maina Ofunika

Tikatha za aneni, maina savuta kwenikweni. Dzina la lamuloli ena angalitenge ku mau a zachilengedwe, monga kusamala kapena kuteteza, koma ameneŵa amanena za ntchito ya munthu woletsa chinthu kuonongeka. Tsinde -sunga ndilo loyenera, ndipo misintho yake iŵiri imasiyana pofunika. Msintho wochitidwa, kusungidwa, umalola wochita, monga pamene tinena kuti chimanga chasungidwa ndi agogo. Msintho wochitika, kusungika, sulola wochita wotere. Popeza palibe amene amasunga masi, ife tasankha kusungika.

Pa chinthu chosungikacho pali mau atatu opikisana. Kuchuluka kumasokonezeka ndi chiŵerengero ndiponso kukula kwa malo amene chinthu chatenga. Kulemera kumanena za mphamvu imene dziko limakokera chinthu, ndipo mwala ukapita kumwezi kulemera kwake kumatsala gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, pamene masi ake sasintha. M'makalasi oyambirira kulemera nkokwanira, pakuti zonse zimayezedwa pa sikelo imodzi pamalo amodzi. Ku sekondale liu lobwereka, masi, nlofunika. Chifukwa choyamba ndi ma-, liuli limaloŵa lokha m'gulu la maina a madzi, mafuta ndi magazi, monga anachitira machesi ndi mashini, ndipo timati masi ake, masi onse. Gululi ndilo la zinthu zoyeza zosaŵerengeka, choncho mlendoyu wafikira pakhomo loyenera.

Vuto lotsiriza ndi la malo oyeserapo. Liu lakuti dongosolo silithandiza pano, chifukwa limanena za kuika zinthu m'ndondomeko. Chimene khemisitiri ikutanthauza ndi zonse zimene zili m'kati mwa malire amene woyesa wasankha. Otcheza kachasu amatipatsa chitsanzo chabwino, ngakhale kutcheza kumangolekanitsa moŵa ndi madzi osapanga chinthu chatsopano. Iwo amamata chivundikiro cha mphika kuti nthunzi isapulumuke, koma amasiya paipi yopita ku botolo. Tikaika malire pa mphika wokha, malowo ngosatseka, ndipo akupepuka. Tikaika malire mozungulira mphika, paipi ndi botolo, malowo ali pafupi kukhala otsekeratu. Ziŵiya nzomwezo, chasintha ndi malire.

Chitsanzochi chikusonyezanso kuti -tseka ndi -vundikira nzopereŵera. Nyumba yotseka imaloŵa mphepo, ndipo mphika wovundikira umatulutsa nthunzi. Mneni -mata ali pafupi ndi tanthauzo lofunika, koma amaloza dothi kapena phala. Tasankha -tsekeratu chifukwa mphatikiri -ratu amanena kuti ntchito yachitika kotheratu, osasiya mpata.

6. Zoti Okonza Chilankhulo Aganizire

Kuchokera pa zimene tafotokozazi tikupereka maganizo atatu. Loyamba, mndandanda uliwonse wa mau a khemisitiri ukhale ndi aneni, ndipo pa mneni aliyense pakhale chiganizo chachitsanzo chosonyeza mau amene ayenera kumtsogolera ndi kumtsatira. Lachiŵiri, mabuku a aphunzitsi apereke mafunso aŵiri okhazikika oti azifunsidwa pa kuyesa kulikonse: chasanduka chiyani, ndipo malire ali pati? Mphunzitsi akathira viniga pang'ono pa soda m'kapu yosavundikira sikelo imatsika, pakuti magalamu 84 alionse a soda amatulutsa magalamu 44 a kaboni dayokisaidi. Akabwereza ndi soda wochepa kwambiri m'botolo lolimba lotsekeratu, sikelo siisuntha kufikira atatsekula. Mafunso aŵiri aja ndiwo amalumikiza zoyesa ziŵirizi.

Lachitatu, mau ameneŵa ayesedwe m'makalasi a m'chigwachi asanasindikizidwe. Mwana wa ku Chikwawa amamva Chimang'anja kapena Chisena kunyumba, Chicheŵa cha m'mabuku kusukulu, ndi Chingerezi pa mayeso, ndipo mneni amene akumveka bwino ku Zomba kapena ku Lilongwe akhoza kumveka mwina kwa iye. Ntchito imeneyi ifunika a zilankhulo ndi aphunzitsi a sayansi akhale pamodzi. Choyambira chake chikhale kulemba ziganizo zenizeni zimene aphunzitsi amanena akasiya Chingerezi, ndi kuŵerenga kuti mwa izo ndi zingati zimathera pa -tha, ndi zingati zimapitirira ndi -sanduka.