SEFA YA MADZI A NSOMBA ZA M'NYUMBA

Munthu wa ku Katondo amene aweta tinsomba m'thanki la galasi adziwa bvuto lace: madzi amene anali mbee Lolemba, pofika Loweruka ada, ndipo tinsomba tingoti kukamwa yasa pamwamba pa madzi. Sefa ya m'sitolo iri ya mtengo wapatali, koma munthu wa luso angathe kudzipangira yace.

Zofunika ndi izi: cidebe ca pulasitiki ca malita 10 ca cibvundikiro cothina, mipope iwiri ya mphira, ndi kapampu ka magetsi. Mwini aboole cidebe pawiri, m'munsi ndi pa cibvundikiro, alowetsemo mipope, namate bwino kuti pasadonthe. Cidebeco cikhale pansi, thanki pamwamba. Motero madzi atsika okha ndi mpope woyamba, alowa m'munsi mwa cidebe, nakwera kupyola zosefera, ndipo kapampu kawabwezera m'thanki ndi mpope waciwiri. Thanki la malita 100 lifuna kapampu kotunga malita 400 pa ora.

M'cidebemo ayambe kuyala siponji ya maso akuru, pamwamba pace siponji ya maso ang'ono, ndipo potsiriza adzaze mapale ndi timiyala ta msinkhu wa nsawawa.

Ambiri ayesa kuti nchito ya sefa ndiyo kukola zinyalala cabe. Iai, nchito yaikuru iri pa mapale aja. Zonyansa za nsomba ndi zakudya zotsala zitulutsa ciphe cochedwa amoniya, cimene sicioneka ngakhale m'madzi oyera. Pa mapale pamera tizirombo tosaoneka ndi maso, timene tisandutsa cipheco cikhale mcere wosaopsya kwambiri. Tiziromboti tifuna masabata 4 kufikira 6 kuti ticuruke. Cifukwa cace poyamba aikemo nsomba zowerengeka, nazipatse cakudya pang'ono.

Tiziromboti tiri ndi adani awiri. Woyamba ndiye klorini, mankhwala amene athira m'madzi a ku mpopi. Siponji ndi mapale azitsukidwa m'madzi ocotsa m'thanki momwemo, ndipo madzi atsopano ayambe agona m'ndowa usana ndi usiku. Sabata iri yonse acotse limodzi la magawo asanu la madzi, nathiremo ena. Mdani waciwiri ndiye kuzima kwa magetsi, monga kunacitika mu 2024 pamene cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba. Kapampu kakaima maora ambiri, mpweya utha m'cidebe, tizirombo tifa, madzi nanunkha. Madzi otere atayidwe kapampu kasanayambenso.

Tsono pali cenjezo lina la anthu a ku Kabwe okha. Miyala ya mtobvu ndi zinki inapezeka pamenepa mu 1902, ndipo mgodi wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994, koma mtobvu unatsala m'nthaka ya makomboni ozungulira, Katondo pamodzi. Mtobvu suola, ndipo tizirombo ta m'sefa sititha kuuononga. Munthu wotola timiyala pa miulu ya ku mgodi, kapena wokumba mcenga m'ngalande yocokera kumeneko, aika ciphe m'cidebe ndi manja ace. Njerwa zoumbidwa ndi dothi la pafupi ndi mgodi nazonso azipewe. Makamaka asatume ana kukatola miyala kumeneko, pakuti mtobvu uononga ubongo wa mwana koposa wa munthu wamkuru. Timiyala ticokere kutali ndi mgodi, ndipo titsukidwe bwino lomwe.

Komanso munthu asayese kuti madzi opyola m'cidebe cimeneci ayenera kumwa, pakuti sefayi sicotsa mtobvu, ndiponso siipha tizirombo ta matenda. Nchito yace ndiyo kusunga moyo wa nsomba, ndipo mwini akaisamala monga mwanenedwamu, idzamtumikira zaka zambiri.