Basi yodziwa pamene sitima yafika

Aliyense amene anakwerapo sitima ya pamtunda kuchokera ku Nampula kupita ku Cuamba akuidziwa nkhawa imene imamugwira munthu dzuwa likapendeka. Ulendowu ndi wa makilomita oposa 300 ndipo umadya tsiku. Tsono ambiri a ife kwathu si ku Cuamba: tikatsika tiyenera kupezanso chapa ya ku Mandimba kapena ku Mecanhelas. Sitima ikachedwa, chapa yomaliza nkukhala itapita, mayi wa mwana kumsana amagona pa sitesheni atatsamira thumba la katundu, ndalama ya ulendo nkuthera pa chakudya.

Vutoli si lathu lokha. Ku Switzerland, dziko lamapiri la ku Ulaya, midzi yambiri ili kutali ndi njanji, ndipo anthu ake amadalira mabasi achikasu a PostAuto, amene anayamba kuyenda mu 1906. Mu 1982 dzikolo linakonza ndondomeko yoti sitima zizifika pa sitesheni pa mphindi yomweyomweyo ola lililonse, mabasi nawo nkumafika nthawi yofanana kuti munthu akatsika apeze chokwera. Koma ndondomeko ya papepala siletsa sitima kuchedwa.

Chimene chinathandiza ndi kudziwa, pa mphindi iliyonse, pamene sitima ndi basi zili. Mabasi amanyamula kachipangizo ka GPS, kamene kamamvera masetilaiti ozungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 m'mwamba. Masetilaitiwa ndi a boma la America. Anayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1995, koma mpaka mu Meyi 2000 asilikali ankasokoneza dala uthenga wake kuti anthu wamba asamadziwe malo molondola. Chisokonezocho chitachotsedwa, zinayamba kutheka kuloza galimoto molakwitsa mamita owerengeka okha.

Ntchito yake imayenda motere. Kompyuta ya a njanji ikaona kuti sitima yachedwa, imatumiza uthenga ku kompyuta ya a mabasi. Dalaivala amene waima pa sitesheni amaona pa kagalasi kamene kali pafupi ndi chiwongolero chake kuti adikire, ndiponso kuti adikire mpaka nthawi yanji. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'basimo muli kale anthu ena amene akuthamangira sitima ina kutsogolo. Kudikira kwambiri ndi kuwalakwira iwowo. Ndiye makampani amapangana malire pasadakhale: masana, pamene basi ina ikubwera posachedwa, amadikira pang'ono chabe, koma basi yomaliza yausiku kawirikawiri imapatsidwa mphata yotalikirapo chifukwa woiphonya alibenso china chokwera. Sitima ikachedwa kupyola malirewo, basi imanyamuka.

Kuno kwathu zinthu nzosiyana, ndipo tisadzinamize. Chapa sinyamuka ndi wotchi, imanyamuka ikadzaza. Mwini wake amafuna ndalama ya tsikulo, osati chipangano ndi a njanji. Komabe ndi iye yemweyo amene angapindule koposa, pakuti sitima imodzi imatsitsa anthu odzaza machapa angapo. Dalaivala wodziwa kuti sitima yadutsa kale ku Malema ndi ku Mutuali sangapite ndi mipando yopanda anthu, ndiponso sangataye theka la tsiku akudikira sitima imene idakali kutali.

Pang'ono pokha zayamba kale popanda kompyuta yaikulu: wokwera amaimbira foni mbale wake kapena dalaivala womudziwa nkumuuza sitesheni imene adutsa. Foni zamakono zili ndi GPS yomweyo, ndipo pa WhatsApp munthu atha kuonetsa pamene ali. Chovuta nchakuti m'malo ena a m'mbali mwa njanji netiweki imasowa, komanso uthenga wotere umathandiza yekhayo amene ali ndi foni ndi womuimbira. Agogo ochokera kuchipatala ku Nampula, opanda foni m'thumba, amangodziwa zoti chapa yapita akatsika.